Zovala za ku Ntchito za Amayi Achikulire: Ulemu Usalande Mtendere wa Thupi

Amayi ambiri a zaka zopitirira 50 akadali pa ntchito. Ena ndi aphunzitsi aakulu m'sukulu za pulayimale, ena ndi anamwino ndi azamba m'zipatala, ena ndi alembi m'maofesi, pomwe ena amakhala tsiku lonse pa benchi mu msika. Palinso amayi makatekisiti amene amayenda mitunda italiitali kukaphunzitsa m'miphakati. Onsewa amafuna kuoneka aulemu pamaso pa anthu. Koma kawirikawiri ulemuwo amaulipira ndi thupi lawo: siketi yothina m'chiuno, bulauzi yosatulutsa thukuta, ndi nsapato zimene amazivula mwakabisira kunsi kwa tebulo nthawi isanakwane n'komwe 12 koloko.

Nkhaniyi ikufotokoza kuti mayi wachikulire angathe kuvala mooneka bwino ndiponso momasuka, ngati chovalacho chayezedwa pa thupi lake la lero ndi pa ntchito imene amagwira.

Kumene amayi athu achokera

Amayi a msinkhu umenewu anakula pansi pa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act, limene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa mu 1973. Lamuloli linkaletsa akazi kuvala mathalauza pagulu ndiponso masiketi osaphimba maondo. Linathetsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Choncho mayi amene anabadwa mu 1968 anali ndi zaka 5 pamene lamuloli linkayamba, ndipo anali ndi zaka 25 pamene linkatha. Nchifukwa chake amayi ambiri achikulire mpaka lero samasuka m'thalauza, ngakhale kuti palibe lamulo lowaletsa.

Maganizo akalewo sanathe msanga. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre anavula amayi amene anavala mathalauza ndi masiketi aafupi. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, anadzudzula mchitidwewo, ndipo amayi anachita msonkhano waukulu ku Blantyre wokana nkhanzazo. Pa msonkhanowo panalinso Mayi Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu Epulo chaka chomwecho iwo anakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo ntchito yawo ankaigwira atavala zosokedwa ndi nsalu za kuno ku Africa, duku lili kumutu. Chimodzimodzi Mayi Ngozi Okonjo-Iweala a ku Nigeria, amene anasankhidwa kukhala mkulu wa bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu 2021 ali ndi zaka 66, amadziwika ndi zovala za kwawo. Tsono palibe ofesi imene ili yapamwamba kwambiri kotero kuti chitenje chosokedwa bwino sichingalowemo. Mayi ali ndi ufulu wosankha siketi, diresi, suti ya thalauza kapena ya chitenje, malinga ndi malamulo a pa ntchito pake.

Thupi limasintha

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Pa nthawi imeneyi ambiri amamva kutentha kodzidzimutsa kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, kenaka thukuta kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Mafuta a m'thupi amayamba kuunjikana pamimba ndi m'chiuno, khungu limapyapyala ndi kuuma, ndipo mafupa amayamba kufooka kotero kuti ena amafupikako pang'ono. Mapazi nawonso amatambasuka, ndipo mayi amene ankavala nsapato ya sayizi 5 ali mtsikana angapezeke kuti tsopano akufunika sayizi 6. Ena amadwala nyamakazi ya m'mapewa, m'maondo ndi m'zala, enanso mitsempha ya m'miyendo imatupa chifukwa choima nthawi yaitali.

Zonsezi n'zachilengedwe ndipo palibe chochititsa manyazi. Vuto limabwera pamene mayi akuumirira muyeso umene telala analemba m'buku zaka khumi zapitazo, kapena pamene akudzibisa m'chovala chachikulu mopitirira muyeso poganiza kuti ndiye ulemu. Chovala chothina chimasowetsa mtendere tsiku lonse, ndipo chachikulu kwambiri chimakola pa zitseko ndi pa mipando, chimaonetsanso munthu ngati wotopa.

Yambani ndi nsalu

Nsalu ya thonje imamwa thukuta ndi kulola mpweya kudutsa. Nsalu za nayiloni ndi poliyesitala zimapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Zimawala, sizichedwa kuuma ndipo sizikwinyika, koma zimasunga kutentha ndi fungo la thukuta. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere. Mayi wogwira ntchito ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, amavutika kwambiri akavala nsalu yotere. Ndipo kwa amayi ogwira ntchito pafupi ndi moto, monga ophika phala m'sukulu ndi ogulitsa zakudya, pali ngozi ina: poliyesitala ikagwira moto imasungunuka ndi kumatirira pa khungu.

Thonje limalimidwa kuno kwathu, ku Chigwa cha Shire, ku Balaka, ku Salima ndi ku Karonga, ndipo akuluakulu amakumbukira nsalu za fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulidwa ndi kampani ya Mapeto mu 2003. Koma zitenje zambiri zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika n'zochokera kunja ndipo zambiri mwa izo ndi poliyesitala. Njira yozindikirira ndi iyi. Finyani nsaluyo m'manja: ya thonje imatsala ndi makwinya, ya poliyesitala imabwerera mwakale. Mukafika nayo kunyumba, sololani ulusi umodzi wa m'mphepete ndi kuuyatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndi kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala imasungunuka ndi kusiya kampira kolimba. Pa kaunjika werengani kansalu kolembedwa kamene kamasokeredwa mkati mwa chovala. Mukaona mawu akuti cotton, linen kapena viscose, dziwani kuti chovalacho n'chopepuka pa nyengo yotentha.

Musaiwale za mkati. Amayi ambiri amagula nsalu yabwino ya thonje koma telala n'kuikamo layiningi ya nayiloni, ndipo phindu lonse la thonje limathera pomwepo. Pitikoti, kamisolo ndi zovala zina za mkati zikhale za thonje. Chitenje chatsopano chichapidwe chisanapite kwa telala, pakuti thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba.

Zouza atelala

Safunsa anadya phula. Mayi asachite manyazi kuuza telala ntchito imene amagwira ndi malo amene thupi limamupweteka, ndipo ayezedwe mwatsopano nthawi iliyonse imene akusoketsa. Suti ya bulauzi ndi siketi kawirikawiri imalira zitenje ziwiri, ndiye kuti mamita 4, ndipo duku limatsalapo.

Siketi ikhale yotambasuka pang'ono kuchokera m'chiuno kupita kunsi, yotsika kupitirira maondo mpaka pa katumba. Ikafika mpaka pansi imakwekwereza m'matope nthawi ya dzinja, ndipo ikhoza kukodwa m'masipoko a njinga ya kabaza. Mmalo mong'amba kumbuyo, telala apinde nsalu kuti mwendo uzitambasuka pokwera minibasi popanda kuonetsa thupi. Lamba wa m'chiuno akhale wosalala kutsogolo koma wa lastiki kumbuyo, chifukwa mimba ya munthu m'mawa ndi madzulo sifanana. Lastikiyo ikhale yotakata ndi yofewa, yosasiya mzere pa khungu.

Chimene chimaonetsa munthu kukhala waudongo ndi mapewa. Msoko wa phewa ukhale penipeni pamene phewa lathera. Ngati pamenepo pakhala bwino, bulauzi ikhoza kukhala yomasuka pamimba koma n'kumaonekabe yapamwamba. M'khwapa mukhale danga lokwanira kuti mphunzitsi athe kulemba pamwamba pa bolodi bulauzi osakwera, ndipo manja ofika pa chigongono amakwanira nyengo zonse. Kwa amene akudwala nyamakazi, zipi ya kumsana ndi chizunzo cha m'mawa uliwonse. Mabatani aakulu a kutsogolo kapena zipi ya m'mbali n'zosavuta. Pemphaninso matumba akuya osungiramo foni, makiyi ndi mpango wopukutira thukuta, komanso kuti telala asiye nsalu ya masentimita 2 kapena 3 mkati mwa misoko, kuti thupi likasintha chovalacho chidzangokulitsidwa.

Pokatenga chovala musangoima pa galasi. Khalani pa mpando, kwezani manja onse awiri, weramani ngati mukutola choko, ndipo kwerani pa khonde ngati mukulowa m'galimoto. Ngati chikukoka penapake, chibwezeni chikonzedwe musanamalize kulipira. Ogula pa kaunjika akumbukire kuti manambala a masayizi amasiyana m'maiko: sayizi 16 ya ku Britain kawirikawiri ndi 12 ku America. Tepi yoyezera m'chikwama imathandiza kuposa nambala.

Nsapato

Apa ndi pamene amayi ambiri amadzipweteka. Gogoda wamtali amakankhira kulemera kwa thupi ku zala ndi kupweteketsa maondo ndi msana, ndipo pa msewu wa miyala kapena pa simenti yonyowa amagwetsa. Kwa mayi amene mafupa ake ayamba kufooka, kugwa kamodzi kokha kungathyole dzanja kapena fupa la m'chiuno. Komanso patapata ndi nsapato zopyapyala kwambiri siziteteza phazi la munthu woima tsiku lonse. Nsapato yabwino ya ku ntchito imakhala ndi chidendene chachifupi ndi chotakata, cha masentimita 2 mpaka 4, kunsi kwake kwa labala kosaterera, ndi kutsogolo kotambasuka kuti zala zizisewera. Ikhale yogwira phazi ndi lamba kapena zingwe.

Nsapato igulidwe madzulo, pamene mapazi atupa ndi kuyenda kwa tsiku. Yesani mapazi onse awiri mutaimirira, pakuti phazi lina limakulirapo, ndipo pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato patsale danga la sentimita imodzi. Musamvere wogulitsa amene akuti idzatanuka mukaivala masiku angapo.

Amayi odwala matenda a shuga asamale koposa. Matendawa amapha mitsempha ya m'mapazi kotero kuti munthu samva pamene nsapato ikumudya. Thuza laling'ono limasanduka chilonda chosapola, ndipo ena afika podulidwa chala kapena mwendo. Amayi oterewa apise dzanja m'nsapato asanavale, ayang'ane mapazi awo madzulo aliwonse, ndipo akaona chilonda athamangire ku chipatala.

Zochepa koma zogwirizana

Chichitikire kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsalu ndi kaunjika yemwe zinakwera mtengo, ndipo mayi wachikulire nthawi zambiri ndiye amalipira fizi ya ana ndi adzukulu. Nzeru ndiyo kukhala ndi zovala zochepa zimene zimagwirizana. Masiketi awiri a mtundu umodzi wosakuwa, monga wakuda, wabuluu woderapo kapena wa khofi, pamodzi ndi mabulauzi anayi, zimapereka kavalidwe kosiyana kasanu ndi katatu. Onjezerani jekete limodzi la tsiku la msonkhano ndi suti imodzi ya chitenje. Ngati bulauzi ili ya maluwa ambiri, siketi ikhale yopanda maluwa.

Ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Thyolo, mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri m'mawa koma masana dzuwa limawala. Kuvala zopepuka ziwiri kapena zitatu mosanjikiza, monga bulauzi ndi juzi ya mabatani, kumathandiza kuposa chijuzi chimodzi cholemera, makamaka kwa mayi amene kutentha kumamudzera mwadzidzidzi. Chitenje chopinda m'chikwama chisasowe, pakuti uthenga wa maliro umapeza munthu ali pa ntchito.

Zovala za mitundu ziyanikidwe pa mthunzi zitatembenuzidwa kuti zisasuluke. Zonse zoyanikidwa panja zisitidwe, ndi za mkati zomwe, makamaka nthawi ya dzinja, chifukwa nsimbi yotentha imapha mazira a ntchentche imene imaika mphutsi pa khungu.

Mawu kwa ena tonsefe

Nkhaniyi ikukhudzanso olemba anthu ntchito, kuphatikizapo oyang'anira sukulu, zipatala ndi maofesi a m'maparishi. Posoketsa yunifolomu, wantchito aliyense ayezedwe payekha, ndipo nsalu isankhidwe poganizira munthu amene adzaivale maola 8 kapena 12. Mayi amene wabweretsa kalata ya dokotala yonena za mapazi kapena msana aloledwe kuvala nsapato zomuyenera. Atsogoleri a mabungwe a amayi nawonso, posankha nsalu ya gulu, ayambe afunsa ngati ili ya thonje, ndipo alole agogo kusoketsa mwa njira imene thupi lawo lingapirire.

Kwa abambo ndi ana, mphatso ya nsapato imodzi yabwino imaposa zitenje zitatu zowala. Pitani nawo amayi anu akayese okha. Ndipo achinyamata a m'maofesi aleke kuseka amayi amene asiya gogoda n'kuvala nsapato zafulati. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amayi amenewa aima pamaso pa ana a sukulu ndi pambali pa odwala kwa zaka 30, ndipo ayenera kumaliza zaka zawo za ntchito akuyenda ndi miyendo yawo.