MABATIRE AKALE A GALIMOTO AUNIKIRA NYUMBA ZA KU MANDEVU

LUSAKA — Cilala ca m'caka ca 2024 cinaphunzitsa anthu a m'makomboni a mzinda uno nzeru imene anthu a kumidzi anaidziwa kale: batire limene galimoto yalikana lingathe kugwirabe nchito m'nyumba.

Magetsi ambiri a dziko la Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka pa Kariba ndi pa Kafue Gorge. Mvula itakanika, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa kwambiri, ndipo pofika mwezi wa September kampani ya ZESCO inali kuzimitsa magetsi kwa maola 21 pa tsiku m'madera ambiri.

Ku Mandevu, monganso ku Chaisa, Marapodi ndi Garden, bvutoli linagwera ometa tsitsi, ogulitsa m'tuntemba ndi ana a sukulu owerenga usiku. Ambiri anabwerera ku makandulo, amene amadya ndalama tsiku ndi tsiku ndiponso amatentha nyumba. Ena anapita kwa amakanika kukagula mabatire akale, nawalumikiza ku sola.

Kodi batire lotere lingathandize motani? Batire la galimoto liri ndi zipinda zisanu ndi cimodzi, ciri conse copereka mavoti awiri, zonse pamodzi mavoti 12. Kuliza injini kumafuna mphamvu yaikuru pa kanthawi kocepa, ndipo batire likakalamba limalephera nchito imeneyo. Koma mababu atatu a LED a mawati asanu, wailesi ndi foni zimakoka mphamvu pang'onopang'ono, motero batire lomwelo lingathe kuziyendetsa madzulo onse. Mbaula yamagetsi ndi simbi yositira zobvala, izo ai.

Pogula, pemphani makanika alipime pamaso panu. Batire lodzala bwino limaonetsa mavoti 12.6, ndipo likatsika kufika 12.2 ndiye kuti latha theka. Pamenepo lekani kuligwiritsa nchito mpaka litadzazidwanso, pakuti batire la galimoto likamakhuthulidwa kotheratu limafa msanga. Lotupa, long'aluka kapena lodontha musaligule ngakhale mtengo utsike motani. Pakati pa sola ndi batire ikani kacipangizo kocedwa charge controller, koletsa kudzaza mopitirira muyeso, ndipo pa waya wocokera ku batire ikani fyuzi. Madzi akacepa m'zipinda, thirani madzi a batire ogula m'sitolo, osati a pacitsime.

Cenjezo lalikuru ndi ili. Pamene batire likudzazidwa limaturutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Liikeni pamalo popita mphepo, kutali ndi mbaula, koloboyi ndi cipinda cogona ana. M'kati mwake muli asidi wotentha khungu ndi maso, ndiponso mtovu, umene uli poizoni. Ife a m'Zambia tikudziwa kuopsa kwa mtovu: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma dothi la kumeneko likudwalitsabe ana. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wosaopsa. Cotero batire likafa musaliswe, musasungunule mtovu wake pabwalo, musathire asidi m'cimbudzi kapena pafupi ndi citsime. Libwezeni kwa ogulitsa mabatire. Bungwe la ZEMA ndilo limayang'anira za zinyalala zoopsa zotere.

Maiko a kutali nawonso akutsata njira yomweyi. Mu 2018 bwalo la mpira la Johan Cruijff ArenA ku Amsterdam linayamba kusunga magetsi m'mabatire a galimoto zoyendera magetsi za Nissan Leaf, ena atsopano ena akale.

Kwa inu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mabanja angapo kapena kalabu ya amai angathe kusonkha ndalama, kugula sola imodzi yaikuru, nasankha munthu mmodzi wosamala kudzaza mabatire a onse. Mutu umodzi susenza denga. Koma musanalumikize waya uli wonse, funsani munthu wodziwa za magetsi.