Cifukwa Cace Mzere wa pa Cigayo Utalika

Inu a ku migodi amene kwanu ndi ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, ena a inu mulikusunga ndalama kuti mukagule cigayo kumudzi. Musanagule, tamverani nkhani ya mzere.

Amai akatha tsiku lonse pa cigayo, ife tifulumira kunena kuti anthu acuruka. Koma kucuruka kwa anthu ndi mbali imodzi cabe. Mbali inzace ndi liwiro la cigayo. Woyamba kulongosola nkhani zotere ndi masamu anali A. K. Erlang wa ku Denmark, amene m'caka ca 1909 analemba za anthu oimba lamya, ali pa nchito mu mzinda wa Copenhagen. Masamu a mtundu umenewu athandizanso pa cigayo.

Lamulo lace nali, ngati anthu afika mosapangana ndipo matumba ao asiyana kukula. Werengani ofika pa ora limodzi. Ciwerengeroco cicotseni pa ciwerengero ca anthu amene cigayo cingathe kuwagayira pa ora. Tsono gawani ofikawo ndi cotsalaco. Yankho lace ndilo anthu opezeka pa cigayopo, tikalinganiza masiku ambiri pamodzi.

Tiyerekeze kuti pa cigayo cina ku Sinda pafika amai 9 pa ora. Ngati cigayoco cikhoza kugayira 10, cotsala ndi 1; pamenepo pakhala anthu 9, ndipo yense ataya ora lathunthu. Ngati cikhoza 12, cotsala ndi 3; anthu atsika kufika pa 3, ndipo yense acoka patapita mphindi 20. Taonani, tangoonjeza awiri okha pa liwiro, koma mzere wafupika katatu!

Nanga cigayo cokhoza 9 okha, molingana ndi ofika? Mzere wace ungokulirakulira. Cifukwa cace n'cakuti nthawi imene cigayo cikhala cete kuyembekeza anthu siibweranso, ndipo amai akafika ambiri pamodzi, ciribe liwiro lapadera lakuti ciwamalize.

Cotero, abale anga, yambani mwawerenga anthu ofika pa miyezi yotsatira kukolola, ndipo musankhe cigayo coposa ciwerengeroco. Mukadzaona wogaya atakhala pansi mphindi 15 pa ora, musamuyese waulesi; mpata umenewo ndiwo ubweza amai kunyumba dzuwa lisanalowe. Tsalani bwino.