MPOPE WA MFUTI SI WOPITA NAO KWA OWOCHERERA ZITSULO A KU SOWETO

Msika wa Soweto, umene uli ca kumadzulo kwa msewu wa Lumumba mu mzinda wa Lusaka, umadziwika kuti palibe citsulo cimene cimakanika kukonzeka kumeneko. Kuwonjezera pa matimati, kabici ndi anyezi zimene alimi a ku Chisamba, Mumbwa ndi Chongwe amafika nazo m'bandakuca, m'mbali mwa msikawu muli amisiri osula mbaula, owocherera mawilibala ndiponso opanga zitseko ndi mazenera a zitsulo. Luso la anthu amenewa ndi losakayikitsa, ndipo mitengo yao ndi yoti munthu wamba nkukwanitsa.

Cifukwa ca ici, mlimi amene ali ndi mfuti yothamangitsira nguluwe m'munda, kapena bambo wa ku Kabwata amene anasiyiridwa mfuti ndi atate ace, angaganize kuti mfutiyo ikayamba kuphonya, mankhwala ace ali ku Soweto komweko. Angaganize kuti mpope wace, umene ena amangouchula kuti paipi, ungadulidwe ndi maceka monga mmene adulira mpope wa madzi. Maganizo amenewa angapundule mwini mfuti, angamlowetse m'ndende, ndipo angatengere m'mlandu mmisiri wosalakwa amene anangofuna kupeza ya ndiwo.

Mpope wa mfuti ndi citsulo cogwira nchito yoopsa. Onga ukayaka m'kati mwa mfuti ya mtundu wa .303, mphamvu ya mpweya wace imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto kuwirikiza koposa 1,000, ndipo cipolopolo cimatuluka pa liwiro la mamita oposa 700 pa sekondi imodzi. M'kati mwa mpopewo muli mizere yopotana imene imazunguza cipolopolo kuti ciyende molunjika. Zonsezi zimacitika pafupi kwambiri ndi nkhope ya munthu wowombera.

Mfuti zambiri za .303 zimene ziri m'manja mwa anthu m'maiko a kuno ndi za mtundu wa Lee-Enfield, womwe asilikali a Northern Rhodesia Regiment ananyamula pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ku Somaliland mpaka ku Burma. Zambiri mwa izo zapitirira zaka 70. Komabe si kuwombera kumene kumazitha. Mpope wabwino umapirira zipolopolo zikwi zingapo, ndipo mlimi wowombera kakhumi kapena kawiri pa caka sangautsirize m'moyo wace wonse. Mdani wace weniweni ndi dzimbiri. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mcere m'kati mwa mpope, mcerewo nkumakoka cinyezi, ndipo ncifukwa cace asilikali a Britain ankathira madzi owira m'mpope akatha kuwombera. Mfuti imene inawombera zipolopolo zotere nkukolekedwa kudenga nyengo yonse ya dzinja osatsukidwa, m'kati mwace mumakhala mabowobowo ngati mtengo wofumbwa.

Palinso bvuto lina limene alenje a ku cigwa ca Luangwa amalidziwa bwino. Tizirombo touluka tomanga nyumba ndi dothi timakonda kumanga m'kamwa mwa mfuti yongokhala. Munthu akawombera osayang'anamo, mpope umatupa kapena kung'ambika kumene. Ndico cifukwa cace alenje ocenjera amamata kukamwa kwa mfuti ndi kansalu kapena tepi.

Kodi tsono kudula mpope nkolakwika nthawi zonse? Iyai. Nthawi zina mpope umakhala wabwino m'kati monse koma kukamwa kokha ndiko kwadyeka, kawirikawiri cifukwa ca cingwe cotsukira cimene cakhala cikukhula mbali imodzi kwa zaka zambiri. Pamenepa mmisiri wa mfuti wophunzira angacotse kacigawo kocepa ka kumapeto, nkusemanso kukamwako pa makina ace, ndipo mfutiyo imayambanso kulasa pamene mwini walozetsa.

Cimene munthu wa maceka sangathe ndi kusema kumeneku. Kukamwa kwa mpope ndi malo otsiriza amene cipolopolo cimakhudza. Pakakhala popendekeka ngakhale pang'ono pokha, mpweya umayamba kutulukira mbali imodzi nkukankha thako la cipolopolo, ndipo cimapita kwina. Kacitsulo koyang'anira ka kutsogolo nako kamakhala kumapeto komweko, motero kayenera kuikidwanso pa malo oyenera. Wowocherera akakamata ndi moto wace woopsa uja, kutenthako kumasintha kulimba kwa citsulo ca mpope pamalopo, ndipo palibe diso limene lingaone kuti cafooka.

Ngakhale nchito itagwiridwa bwino, mpope wofupika uli ndi mtengo wace. Inchi iri yonse yocotsedwa imacepetsako liwiro la cipolopolo, phokoso limakula, moto wa kukamwa umawala kwambiri, ndipo mfuti yopepuka imamenya phewa kolimba. A Britain eni ace anaziona zimenezi. M'caka ca 1944 anatulutsa Lee-Enfield yofupika yochedwa No. 5, yoti asilikali aziyenda nayo m'nkhalango zowirira. Mpope wace unali wa mainchi pafupifupi 19 m'malo mwa 25 a mfuti ya No. 4. Inapangidwa m'mafakitale a akatswiri, anaiikira cobisa moto kukamwa ndi mphira ku thako, komabe asilikali anadandaula kuti imamenya ndiponso kuti siisunga malo amodzi polasa. Pofika 1947 analeka kuipanga.

Kwa mlenje, kuphonya si nkhani ya manyazi cabe. Njati yolasidwa molakwika imabisala m'maudzu nkudikira, ndipo amene imampeza angakhale mai wopita kukatunga madzi mawa lace. Ncifukwa cace maiko ambiri a kuno safuna kuti nyama zoopsa monga njati ndi njobvu zisakidwe ndi mfuti yocepera pa .375, mtundu umene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa m'caka ca 1912.

Kusintha mpope wonse ndi nchito yaikulu koposa. Mpope watsopano uyenera kusemedwa mazinga olowera m'thupi la mfuti, ndipo cipinda cogonamo cipolopolo ciyenera kubooledwa molingana ndi cotsekera ca mfuti imeneyo. Pakati pa cotsekeraco ndi cipolopolo pamakhala mpata umene amisiri amaupima ndi zipangizo zace. Pa mfuti ya .303, kusiyana kwa mpata wocepetsetsa ndi waukulu wololedwa ndi kotala la milimita. Mpatawo ukakula, cigoba ca cipolopolo cimang'ambika ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwa wowombera.

Ku Britain mpope watsopano sugulitsidwa usanayesedwe. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mfuti imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1813, kumene amawombera cipolopolo camphamvu koposa ca masiku onse, ndipo mpope ukapirira amaudinda cizindikiro. Amene ali ndi mfuti yocokera ku Britain akayang'anitsitsa pa mpope wace adzaona tizizindikiro timeneti, tina tiri ndi cisoti cacifumu pamwamba.

Anthu ena amati makolo ankadzikonzera okha mfuti zao popanda makina onsewa. Izi nzoona. Kuyambira nthawi ya malonda a Apwitikizi ndi Acikunda ku Zumbo ndi ku Feira, kumene tsopano kumachedwa Luangwa, osula zitsulo a m'midzi anaphunzira kukonza mfuti za gogodera, zija zothira onga kukamwa. Koma gogodera amagwiritsa onga wakuda wa mphamvu yocepa, ndipo ngakhale iyeyo waduladula zala za alenje osawerengeka. Onga wa m'zipolopolo za makono ndi cinthu cina.

Tsono pali lamulo. M'Zambia muno mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la m'caka ca 1969, limene liri Mutu 110 wa malamulo a dziko lino. Lamuloli linakhazikitsa kaundula wamkulu wa mfuti, Central Firearms Registry, amene ali m'manja mwa apolisi. Laisensi siiperekedwa kwa munthu kuti asunge mfuti iri yonse imene wafuna. Imanena za mfuti imodzi yodziwika, mtundu wace, kukula kwa cipolopolo cace ndi nambala yace. Pa mfuti zina nambalayo inadindidwanso pa mpope. Motero munthu amene wasintha mpope mwakacetecete, makamaka ngati wasinthanso kukula kwa cipolopolo, ali ndi mfuti yosagwirizana ndi pepala limene liri m'thumba mwace. Mmisiri wa pa msika nayenso, akalandira mfuti nkugona nayo m'shopu mwace, akusunga mfuti popanda laisensi.

Maiko ena anacita kulemba nkhani ya mpope mwacindunji. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la m'caka ca 2000 limawerenga mpope paokha ngati mfuti, ndipo mfuti imene utali wa mpope wace wasinthidwa popanda cilolezo colembedwa ca wosunga kaundula imasanduka yoletsedwa. Munthu wa ku Woodlands kapena ku Kabulonga woganiza zokagula mpope ku Johannesburg nkubwera nao m'galimoto ayenera kudziwa zimenezi asananyamuke. Ku Britain lamulo la 1968 limaletsa munthu wamba kufupikitsa mpope wa mfuti ya mbalame kucepera pa mainchi 24. Cifukwa cace nkosabisika: mfuti yofupika imalowa m'jekete, ndipo amene amaifuna kwambiri ndi acifwamba. Wapolisi akapeza mfuti yodulidwa ndi maceka, sayamba kuganiza za nguluwe.

Pangano la maiko a SADC lokhudza mfuti, limene linasainidwa ku Blantyre m'mwezi wa August 2001, limafunanso kuti mfuti zizidindidwa cizindikiro pa mpope ndi pa thupi lace kuti zizitheka kulondoledwa zikaoloka malire.

Njira yoyenera tsono imayambira ku polisi. Mwini mfuti apite ndi laisensi yace kwa ofisala woona za mfuti, afotokoze cimene akufuna kucita, ndipo afunse kuti ndi wogulitsa kapena mmisiri uti wobvomerezedwa amene angampatse mfutiyo. Yankho alipemphe lolembedwa. Popereka mfuti kwa mmisiri alandire risiti yonena nambala yace, ndipo mpope wakale asautaye kudzala kapena kuugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, koma afunse apolisi za kumene uyenera kupita.

Nthawi zambiri mmisiri woona mtima adzanena kuti ndalama za mpope watsopano ndi nchito yace zikuposa mtengo wa mfuti yonse. Banja limene lasunga mfuti yotere cifukwa ca cikumbutso ca malemu liyenera kukumbukira kuti laisensi ya womwalira siisanduka ya ana ace yokha. Mfutiyo iyenera kukadziwika ku polisi kuti ilembedwe m'dzina la wolowa m'malo kapena iperekedwe. Bungwe la African Union, potsata ndondomeko yothetsa kulira kwa mfuti imene inakonzedwa mu Lusaka momwe muno m'caka ca 2016, linasankha mwezi wa September caka ciri conse kukhala mwezi wopereka mfuti zosalembedwa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo nyengo ya ndondomekoyi inatalikitsidwa kufikira 2030.