Zimene pepala limabisa, pakamwa pamaulula

Pepala silikhala ndi katchulidwe. Mukalemba "mtengo", wowerenga chamumtima akhoza kudikira mpaka chiganizo chithe kuti adziwe ngati ndi mtengo wa mango kapena mtengo wa chimanga pamsika. Wowerenga mokweza alibe mwayi umenewu: asankhiretu pokweza ndi potsitsa mawu. Anthu owerenga mabuku omvetsera, aja timati ma audiobook, amakumana ndi zoterezi tsamba lililonse, makamaka buku likasakaniza ziyankhulo ziwiri.

Titenge American Dreamer, buku lachikondi la Adriana Herrera, wobadwira ku Dominican Republic, lomwe linatuluka mu 2019. Ndi nkhani ya amuna awiri okondana. Nesto Vasquez ndi Mdominika wakhungu lakuda amene wachoka mumzinda wa New York kukagulitsa zakudya za ku Caribbean pagalimoto ku Ithaca. Jude Fuller ndi mzungu wogwira ntchito kulaibulale. Bukuli ndi la Chingerezi, koma Chisipanishi chimalowamo apa ndi apo.

Funso loyamba ndi lakuti, Nesto ayankhule Chisipanishi chanji? Cha ku Dominican Republic chili ndi zizindikiro zake. S ya kumapeto kwa silabo imamezedwa kapena kumveka ngati kampweya chabe, moti está amangoti ta. D ya pakati pa mavawelo imagwa, cansado n'kukhala cansao. Cha ku Santo Domingo, r ya kumapeto imamveka ngati l, amor n'kukhala amol, pomwe kumpoto, ku Cibao, imapita ku i. Zambiri mwa izi kalembedwe sikazionetsa. Ndiye wowerenga akatchula chilembo chilichonse bwinobwino ngati mtolankhani wa ku Madrid, palibe mawu amene wasintha, komabe Nesto wamusamutsa kwawo. Ndipo si nkhani yaing'ono, chifukwa katchulidwe ka ku Caribbean kakhala kakunyozedwa ngati Chisipanishi chothyokathyoka, ndipo chipongwecho nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kunyoza khungu lakuda. Kukokomeza nakonso n'koipa. Munthu uja amasanduka wanthabwala, osati wachikondi.

Funso lachiwiri ndi la mlowam'malo. Nkhani ya mwamuna ndi mkazi m'Chingerezi imayenda ndi he ndi she, ndipo womvera sasokonezeka. Amuna awiri onse ndi he. Ife zimenezi sizachilendo ayi: "iye" salekanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo "anamugwira dzanja" sakuuzani wagwira ndani, wagwiridwa ndani. Olemba Chichewa amadutsa pamenepa ndi maina, kapena ndi mawu ngati "mnzakeyo" ndi "winayo". Wowerenga mokweza ali ndi chida china, liwu lake lomwelo. Koma apa pali msampha. Njira yachidule ndi kupatsa mmodzi liwu lalikulu, winayo laling'ono ngati lachikazi, ngati kuti pa awiriwo payenera kupezeka "mkazi". Bukulo silinanene zimenezo. Wodziwa ntchito amawalekanitsa ndi liwiro, popumira, ndi chiyankhulo chimene chimatuluka munthu akakwiya kapena mtima ukasungunuka.

Tsono mukamamvetsera buku lotere, tcherani khutu pa s wa kumapeto uja ndi pa liwu la mwamuna wachiwiri. Pamenepo ndi pamene mudziwire ngati wowerengayo wawamvetsa anthu ake, kapena wangowerenga zilembo basi.