Nyama zimapuma bwanji?

Nyama zonse zimapuma. Nyama ikasowa mpweya, imafa.

Ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, anthu amaweta mbuzi ndi nkhuku. Nyama zimenezi zimapumira m'mphuno. Mpweya umalowa m'mphuno n'kukafika m'mapapo. M'mapapomo magazi amatenga mpweya wabwino, wochedwa okosijeni, ndi kusiya mpweya woipa. Mpweya woipawo umatuluka panja. Munthu nayenso amapuma cimodzimodzi. N'cifukwa cake mwana akathamanga, cifuwa cake cimakwera ndi kutsika msangamsanga.

Nanga nsomba za mumtsinje wa Muloza zimapuma bwanji? M'madzi namonso muli mpweya wabwino, koma suoneka ndi maso. Nsomba imayasamula pakamwa, madzi n'kulowa. Madziwo amadutsa m'makha, tizigawo tofiira tokhala m'mbali mwa mutu, kenaka amatuluka. Makha amatenga mpweya wabwino m'madzimo n'kuupereka ku magazi. Nsomba ikavuulidwa, makha amamatana ndi kuuma. Pamenepo nsomba imafa, ngakhale kumtunda kuli mpweya wambiri.

Mlamba ndi wosiyana ndi nsomba zinzake. Uli ndi makha, komanso uli ndi ciwalo cina m'mutu copumira mpweya wa panja. Nyanja ya Chilwa, kumpoto kwa Milange, inaphwa mu 1995. Nsomba zambiri zinafa. Koma mlamba umapirira m'matope onyowa mpaka mvula itagwa.

Cule amapuma m'njira zitatu. Akakhala mbululu amapumira m'makha monga nsomba. Akakula amakhala ndi mapapo, ndipo amapumiranso pakhungu lake lonyowa.

Mvuu ndi ng'ona zimakhala m'madzi, koma zilibe makha. Zili ndi mapapo. Zimatulutsa mphuno pamwamba pa madzi kuti zipume.

Madzi akaipa, nsomba zimavutika kupuma. Zinyalala zikamaola mumtsinje, zimatha mpweya wabwino. Katupe amene ena amathira m'madzi amalowa m'makha n'kupha nsomba zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Caka cotsatira ndiwo zimasowa pamudzi. Banja losamala mtsinje limadya nsomba caka ndi caka.

Mafunso

1. Kodi mbuzi imapumira ciani?
2. Cifukwa ciani nsomba imafa ikavuulidwa m'madzi?
3. Ndi nsomba iti imene imapirira m'matope?
4. Kodi mvuu ili ndi makha kapena mapapo?

Nchito ya kunyumba

Amayi akamakonza nsomba, apempheni akuonetseni makha. Jambulani nsombayo m'kope lanu, ndipo makha muwapake zofiira.