Tchuthi chachilimwe chisadye masamu a ana athu

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, mwana wa ku Malomo amatha masabata 6 kapena kuposerapo asanaonenso choko pabolodi. Makope amaponyedwa m'jumbo n'kukolekedwa pamsomali, ena amathera kukulungira mandasi kapena kuyatsira moto. Pofika Sepitembala mwanayo amalowa kalasi yatsopano, koma akapatsidwa samu yomwe ankaikhoza bwinobwino m'teremu yachitatu, amangoluma pensulo.

Aphunzitsi a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, ngati anzawo kwina konse, amadziwa kuti masabata oyambirira a chaka amathera kubwereza zakale. M'kalasi momwe ana mwina akuposa 100, mphunzitsi sangathe kufika pa mwana aliyense n'kuona pomwe waiwala. Iye amapitirira ndi silabasi, ndipo wotsalira amatsaliratu.

Vutoli lidafufuzidwa kale. M'chaka cha 1996 katswiri wa maphunziro wa ku America, Harris Cooper, pamodzi ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo adapeza kuti patchuthi chachitali mwana amataya nzeru zofanana ndi zomwe amaphunzira pafupifupi mwezi wathunthu. Adapezanso kuti masamu ndiwo amaiwalika kwambiri kuposa kuwerenga. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: mwana amakumana ndi mawu paliponse, pazikwangwani, kutchalitchi kapena kumzikiti, koma kuchotsera kobwereka ndi kugawa kwakutali kumafuna kuchita mobwerezabwereza. Khasu losalimira limachita dzimbiri.

Kuno kwathu zinthu zidali kale pothina. Kafukufuku wa MICS yemwe nthambi ya National Statistical Office idachita mu 2019 ndi 2020 mothandizana ndi Unicef adaonetsa kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ana 13 okha pa 100 alionse ndiwo ankatha masamu oyambira. Mayesowo sadali ovuta ayi: kutchula manambala, kunena nambala yaikulu pa ziwiri, kuwonkhetsa, ndi kudzaza nambala yosowa pamndandanda. Pakuwerenga adakhoza anali 19 pa 100. Ndiye mwana yemwe wangogwirako pang'ono chabe akasiya kwa mwezi ndi theka, n'chiyani chimatsala m'mutu mwake?

Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pomwe ophunzira adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, dziko lino lakhala likulimbana ndi kuchepa kwa makalasi, mabuku ndi aphunzitsi. Boma silidangokhala. Unduna wa Zamaphunziro, mothandizidwa ndi dziko la Britain, udakonzanso kaphunzitsidwe ka masamu a Sitandade 1 mpaka 4 kudzera mu National Numeracy Programme. Mu 2023 udayambitsanso ndondomeko ya BEFIT, yomwe idayambira m'sukulu 500, momwe ana amaphunzira masamu ndi kuwerenga m'Chichewa pamatabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Koma zonsezi zimachitikira pasukulu. Mphunzitsi wamkulu akakhoma loko pachitseko, matabuleti amatsala mkati, mwana amatsala ndi makolo ake.

M'tauni mabanja opezako bwino amalipira patitaimu. Mlimi wa soya wa kumidzi yozungulira Malomo, yemwe ndalama yake yokolola ikudikira feteleza, yunifolomu ndi sopo, sangapikisane nawo. Komabe mayeso a Sitandade 8 omwe Maneb imalembetsa ndi amodzimodzi kwa mwana wa ku Lilongwe ndi wa ku Malomo, ndipo malo a kusekondale amalimbirana onsewo.

Nkhani yolimbikitsa ndi yoti mankhwala a vutoli safuna ndalama zambiri. Nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa mu 2020, bungwe la Young 1ove ku Botswana lidayesa njira yosavuta m'mabanja pafupifupi 4,500. Sabata iliyonse makolo ankalandira masamu ochepa pauthenga wa pafoni, kenako wina ankaimba kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti ayende nawo limodzi ndi mwana. Chiwerengero cha ana osatha samu ina iliyonse chidatsika ndi 31 pa 100 poyerekeza ndi anzawo omwe sadathandizidwe. Mafoni ake adali wamba, ngati omwe ali m'matumba mwathumu.

Anansi athu a ku Zambia nawo ali ndi ndondomeko ya Catch Up, yomwe idayesedwa koyamba mu 2016 m'maboma 4, kuphatikizapo Chipata ndi Katete komwe amayankhula chinenero chathuchi. Njirayi adaitengera ku bungwe la Pratham la ku India. Mfundo yake ndi imodzi: mwana aphunzitsidwe kuyambira pomwe nzeru zake zafika, posatengera kalasi yomwe ali. Zipangizo zake ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Timitengo totero ku Ntchisi sitigulidwa.

Choyamba choti kholo lichite ndi kudziwa pomwe mwana ali. Lembani pansi ndi chala manambala monga 7, 46 ndi 308, mwana atchule. Akatha, mupatseni 27 kuwonkhetsa 15, kenako 52 kuchotsera 18, kenako 6 kuchulukitsa ndi 7, pomaliza 36 kugawa kwa anthu 4. Pomwe wakakamira m'pomwe muyambire. Musadabwe kapena kukalipa mukaona wa Sitandade 5 akulephera kuchotsera kobwereka. Ali ndi anzake ambiri, ndipo masabata 6 ndi okwanira kuti agwire.

Wa Sitandade 1 ndi 2 amafuna zinthu zogwira ndi manja. Zitsononkho, zitsekero za mabotolo, njere za chimanga ndi mtedza zili mbwee pakhomo nyengo ino. Awerenge nkhuku madzulo zikamalowa m'khola, anene zatsala zingati panja. Amange timitengo 10 ndi luzi kukhala mtolo umodzi, aone ndi maso ake kuti 34 ndi mitolo 3 ndi timitengo 4. Mukamuuza kuti achotse 8, adzaona yekha kuti timitengo 4 sitikukwana, ndipo adzamasula mtolo umodzi. Kubwereka kuja kumavutitsa ana pabolodi n'komweku.

Wa Sitandade 3 mpaka 5 mutengereni kumsika. Ngati mwathyola tomato 36 kudimba ndipo mukuika 4 pamulu, anene milu ikhala ingati. Tiyerekeze kuti mulu ndi K500: milu 9 ibweretsa K4,500. Wogula akatenga milu 3 n'kupereka K2,000, mwana abweze chenje cha K500 inu mukungoyang'ana. Mukamutuma kugolosale, ayambe wanena ndalama yomwe ibwerere asananyamuke. Kwa oumba njerwa nako kuli masamu: ngati chikombole chimatulutsa njerwa 2 ndipo mwaponya maulendo 150 patsiku, ndiye kuti ndi njerwa 300. Nanga kuti zikwane 6,000 za nyumba papita masiku angati? Mwana akapeza yekha kuti ndi 20, kugawa wakumvetsa.

Wa Sitandade 6 ndi 7 ayenera kukhala pafupi ndi sikelo tsiku logulitsa mbewu. Tinene kuti matumba 3 a soya alemera makilogalamu 48, 50 ndi 47, ndipo mtengo mwagwirizana K1,200 pakilogalamu. Mwana alembe m'kope mwake: makilogalamu 145, ndalama K174,000. Wogula akawerengera 140, banja lataya K6,000 masana dzuwa likuswa mtengo. Pamenepa masamu asiya kukhala nkhani ya mayeso, asanduka mlonda wa thukuta la chaka chonse. Chimodzimodzi kubanki m'khonde: mayi akabwereka K10,000 pachiwongoladzanja cha 20 pa 100, mwana awerengere kuti adzabweza K12,000. Pokonza munda, alangizi amati mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando a chimanga masentimita 25. Pamzere wa mamita 25 pakhala mapando angati? Pamita imodzi pamalowa 4, choncho ndi pafupifupi 100.

Ana a makalasi akuluakuluwa ali ndi mtolo winanso. Kuyambira Sitandade 5 masamu amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri amalakwa funso chifukwa chosamva zomwe likufuna, pomwe samu yeniyeniyo akanaitha. Mkulu wake wa kusekondale amuwerengere funso la m'kope lakale, wamng'onoyo alifotokoze m'Chichewa asanagwire pensulo. Akalimasulira molondola, theka la ntchito latha.

Tisaiwale bawo. Thabwa lija lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndipo njere zake ndi 64. Katswiri wa bawo amawerengera mumtima komwe njere yomaliza ikagwere asanatole n'komwe. Madoda omwe amaswera pabawo pansi pa mtengo ali ndi luso lomwe adzukulu awo akulisowa m'kalasi. M'malo mowathamangitsa kuti izi n'za akuluakulu, akumbireni maenje pansi, muwaonetse kasewereredwe kake, ndipo muziwafunsa kuti njere 11 zikachoka apa zikathera pati.

Pali makolo omwe anganene kuti iwo sukulu adalekera panjira, ndiye angaphunzitse chiyani? Koma mayi yemwe amagawa ufa wa thumba limodzi kuti ufike mwezi, kapena bambo yemwe amadziwa mabelo a fodya omwe atuluke m'chigafa mwake asanamange n'komwe, amachita masamu tsiku lililonse. Chofunika n'kuwerengera mokweza mawu mwana ali pomwepo, ndi kumufunsa kuti, “Wapeza bwanji?” Mwana akamafotokoza njira yomwe wadutsa, nthawi zambiri amatulukira yekha pomwe wasochera.

Ena adzati tchuthi ndi nthawi yopuma, ndipo akunena zoona. Mwana ayenera kusewera mpira, kukaona agogo ndi kuthandiza ntchito zapakhomo. Palibe akupempha kuti khonde lisanduke kalasi. Mphindi 20 patsiku, masiku 5 pasabata, kwa masabata 6, zimakwana maola 10. N'zochepa moti sizilanda mwana ubwana wake, koma n'zokwanira kuti zomwe adaphunzira zisazirale. Chikwapu chisayandikire. Ana ambiri amadana ndi masamu chifukwa adawadziwa limodzi ndi mkwapulo, ndipo mwana wamantha amangolota yankho kuti apulumuke.

Tisamalenso za atsikana. Patchuthi mtsikana amadzuka ndi ndowa, kuchoka apo nkhuni, kuphika, kulera mng'ono wake, mpaka dzuwa kulowa, pomwe mlongo wake ali ndi mpata wokhala pabawo kapena kutumidwa kumsika ndi ndalama. Tikapanda kusamala, masamu a pakhomowa adzangopindulira anyamata. Mtsikana nayenso agwire chenje, awerenge sikelo, alembe m'kope zomwe banja lagulitsa.

Ntchitoyi ingapepuke mudzi ukagwirizana. Ophunzira a Fomu 4 omwe amaliza mayeso ndipo akudikira zotsatira angathe kusonkhanitsa ana 8 kapena 10 pabwalo kawiri pasabata. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi angapemphe aphunzitsi kuti tsiku lotsekera, popereka zotsatira, azilembera kalasi iliyonse masamu 30 oti ana akopere m'makope, imodzi patsiku. Mafumu, omwe amatha kuitanitsa anthu kukaumba njerwa za sukulu, angathenso kukumbutsa makolo pamisonkhano kuti makope a ana si oyatsira moto, komanso kuti zinamwali za nyengo ino zizitha sukulu zisanatsegulidwe. Atsogoleri a mipingo ali ndi ana omwewa sabata iliyonse.

Akuluakulu adati mmera m'poyamba. Mwana yemwe walephera kumvetsa mitolo ya khumikhumi ku Sitandade 2 adzavutika ndi kuchotsera ku Sitandade 3, kugawa kudzamukanika ku Sitandade 5, ndipo akabwereza kawiri katatu amayamba kuona ngati sukulu si yake. Ambiri omwe amasiyira panjira amayambira pamenepa. Choncho madzulo ano, nsima isanapse, itanani mwana wanu, mulembe 52 kuchotsera 18 pansi, ndipo muone ngati afike pa 34. Akakakamira, mutumeni akathyole timitengo.