Nthawi Yoletsa Thole Kuyamwa

M'midzi ya Angoni a kwa Mpezeni, kufupi ndi Chipata, mzinda umene kale unkachedwa Fort Jameson, muli funso limene eni ng'ombe akangana nalo caka ndi caka. Funso lace ndi ili: kodi thole liyenera kuleka kuyamwa liri ndi miyezi ingati? Ena ati make adziwa yekha. Ena ati mwini ng'ombe ndiye ayenera kulamula. Ine ndinakulira pa khola, ndipo ndifuna kufotokozera awerengi anga cimene ndinaphunzira, ndico cakuti nthawi yoletsa thole tiiwerenga pa thupi la make ndi pa msipu, osati pa thole lokha ai.

Mwambo wa makolo

Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo ulemu wa munthu pakati pao unali ng'ombe. Ndi ng'ombe ankapereka malobolo, ndi ng'ombe ankalipa mirandu, ndipo cibaya, ndilo khola, cinali pakati pa mudzi. Pa nkhondo ya 1898 Azungu anawalanda ng'ombe zikwi zambiri, koma mtundu wa ng'ombe zao ulipobe. Ndizo ng'ombe za linunda ndi nyanga zazifupi zimene kufikira lero zichedwa ndi dzina la Angoni.

Ng'ombe ya mtundu umenewu iri ndi khalidwe lace. Siitsitsa mkaka bwino ngati mwana wace palibe. Cifukwa cace makolo ankagoneka mathole m'kakhola kao pa okha. Nthawi yokama itakwana, mbusa ankatulutsa thole kuti liyamwe pang'ono, ndipo mkaka utatsika ankalicotsa nayamba kukama, nalisiyirako wotsala. Cotero thole linali mfungulo ya mkaka wa pa mudzi. Kuliletsa kuyamwa kunali ngati kutseka cipanda ca mkaka wosasa umene ana ankadyera nsima. Ici ndico cifukwa cace anthu ambiri sankafulumira kuletsa thole, ndipo ambiri safulumira ngakhale lero.

Ng'ombe ikasiyidwa yokha imamletsa mwana wace pomponda ndi kumgunda, kawiri-kawiri atapitirira miyezi 8, mwina kufikira caka cathunthu. Thole likakhala louma mutu, abusa ankapaka ndowe ku mawere a make, kapena ankamanga kacikopa ka minga pamphuno pa thole kuti make akalasidwa alithamangitse. Nzeru zimenezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo zionetsa kuti makolo ankadziwa kuti kuyamwa kuli ndi malire ace.

Ciwerengero ca masiku

Tsono tiyeni tiwerenge pamodzi. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku ngati 283, ndiyo miyezi 9 ndi masiku owerengeka. Caka ciri ndi masiku 365. Ticotsepo 283, patsala 82. Ndiko kunena kuti ng'ombe yoti ibale caka ndi caka iyenera kutenga bere lina isanathe miyezi 3 cibalire. Ng'ombe yamphamvu ifuna nkhunzi pa masiku 21 ali onse, koma yoonda imakhala cete, ndipo kuyamwitsa nako kucedwetsa cilakolako cimeneci. Apa ndipo pacokera ng'ombe zija zobala caka cino, caka camawa nkupuma.

Kuno kum'mawa kwa Zambia mvula iyamba mu Novembala nileka mu Epulo. Pa nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, ng'ombe zonse zimakhala zonenepa ndi zosalala, pakuti msipu uli wauwisi. Koma pofika Meyi ndi Juni udzu umakhwima nuuma, ndipo cakudya comanga thupi cimene cinali m'masamba cimacepa kwambiri. Ng'ombe ikhuta mimba, koma thupi silipindula. Kuyambira Ogasiti kufikira Okotobala chire lapsya, madambo auma, ndipo ng'ombe iyenda mtunda wautali kufuna madzi.

Tinene kuti thole labadwa mu Novembala, ndipo make watenganso bere mu Febuluwale. Mwana wa m'mimbayo akula kwambiri m'miyezi 3 yotsiriza, ndiyo Ogasiti, Seputembala ndi Okotobala, miyezi yomweyo ya njala ya ziweto. Ngati thole lakale likali kuyamwa, ng'ombe imodzi iri kudyetsa matupi atatu ndi udzu wouma. Imayamba kudya mafuta a thupi lace lomwe. Ikabala iri mafupa okha-okha, mkaka ucepa, mwana watsopano afooka, ndipo bere lotsatira licedwa. Zina zimagwa m'matope a pa dambo osadzukanso, mvula iri pafupi kugwa.

Nanga thole litaya ciani tikaliletsa? Mkaka wa make umacuruka koposa m'mwezi waciwiri, ndipo pambuyo pace umanka nucepa. Thole liyamba kubudula udzu liri ndi masabata awiri kapena atatu, ndipo likafika miyezi 3 cifu cace cayamba kugwira nchito monga ca ng'ombe yaikuru. Pa miyezi 7 cakudya cace ceni-ceni ndi msipu, mkaka uli wongoonjezera. Cimene thole lipeza ku bere pa msinkhu umenewu ncacing'ono, koma cimene make ataya ncacikuru.

Cotero lamulo langa ndi ili: thole lobadwa kumayambiriro a mvula liletsedwe mu Meyi kapena Juni, liri ndi miyezi 6 kufikira 8. Pa nthawi imeneyi anthu akolola, mapesi ali m'minda, madambo akali ndi msipu, ndipo thole lipeza cakudya msanga. Make naye apuma miyezi 4 kufikira 6 asanabalenso.

Zizindikiro pa thupi la make

Kalendala yokha siikwanira, pakuti zaka sizifanana. Mwini ng'ombe aziima pakhomo pa khola m'mawa ndi kupenya ng'ombe imodzi-imodzi. Nthiti zikayamba kuwerengeka munthu ali patali, mafupa a m'ciuno akatuluka, patsinde pa mcira pakalowa, linunda likafota, ng'ombeyo iri kupempha kuti mwana acotsedwe, ngakhale mwezi sunakwane. Msoti wobala koyamba ufuna cifundo coposa, pakuti uli kuyamwitsa pamene thupi lace lomwe likali kukula. Mwana wa msoti wotere ndimayamba ndiye kumletsa.

Pa caka ca cilala, monga ca 1992 kapena ca 2024, nkwanzeru kuletsa mathole ali ndi miyezi 3 kapena 4, kuti amao apulumuke. Koma thole laling'ono cotere silingakhale ndi udzu wouma wokha. Lifunika gaga, masangwi a nsawa, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, ndi madzi oyera tsiku ndi tsiku. Nyemba za mtengo wa msangu, zimene zigwa m'cilimwe, zithandizanso. Kudyetsa thole ndi dzanja nkochipa kuposa kudyetsa make kuti apange mkaka, pakuti kamimba ka thole nkakang'ono. Amene alibe cakudya cotere asafulumire. Thole lodwala, kapena losayamba kubzikula, lidikire.

Kaletsedwe kace

Tsiku loletsa likafika, thole ndi make adzalira masiku awiri kapena atatu. Mtima wa munthu ubvutika, koma wobwezera thole kwa make pa tsiku laciwiri wangobvuta zonse ziwiri pacabe. Zipatukane mwezi wathunthu kapena kuposa, kufikira mawere auma. Ena amaikiza thole ku khola la mbale wao wa mudzi wina. Ena amamanga mpanda wolimba pakati, kuti ziwirizo zizionana ndi kununkhizana koma osayamwa, ndipo njira imeneyi icepetsa kulira. Masiku ano m'masitolo a za ulimi mupezeka kacipangizo kobveka pamphuno pa thole, kamene kaphimba kamwa likafuna bere koma kalilola kudya msipu. Ndi nzeru yomwe ija ya kacikopa ka minga, koma yosalasa make. Thole libvala sabata imodzi liri pafupi ndi make, ndipo pambuyo pace lipatulidwa.

Pa sabata yoletsa musafule mathole amphongo, musawaoche cizindikiro kapena kuwadula nyanga, pakuti zowawa zikaunjikana thupi lifooka ndipo nthenda ilowa. Nchito zimenezo zicitike kale kapena patapita mwezi. Nkhupakupa nazo muzipenyetsetse, pakuti ndizo zibweretsa cigodola, nthenda imene ipha mathole ambiri kuno kwathu. Mathole oletsedwa azidya pamodzi ndi ng'ombe yokalamba yofatsa, imene idzawatsogolera ku msipu ndi ku madzi. Misoti yaing'ono isayende ndi nkhunzi, ingatenge bere isanakhwime.

Nanga mkaka wa ana?

Ndidziwa cimene amai a pa mudzi adzandifunsa: mathole onse akaletsedwa mu Juni, ana adzamwa ciani? Funso limeneli nlolungama. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo pa ng'ombe imodzi sitingafune mkaka wa cilimwe conse ndi thole la caka ndi caka. Koma khola liri ndi ng'ombe zingapo. Musankhe imodzi kapena ziwiri zonenepa, makamaka zimene zinabala mocedwa, zikhale za mkaka wa pa nyumba, ndipo zimenezo muzizipatsa gaga ndi masangwi madzulo. Zinazo zipume.

Ng'ombe yobala caka ndi caka ipatsa mwini wace mathole 8 m'zaka 8. Yobala modumpha caka impatsa 4 okha, cikhalireco zonse ziwiri zidya msipu umodzi ndi kumwa pa dambo limodzi. Mathole 4 osowawo ndiwo ng'ombe za pa goli, ndiwo malobolo a mnyamata, ndiwo ndalama za sukulu. Cifukwa cace ndipempha eni makola kuti cimanga cikalowa m'nkhokwe, akumbukenso kupenya nthiti za ng'ombe zao zoyamwitsa.